Madzi Saiwala Khwawa: Mwini Ngalande za pa Mwanza Boma Ndani?

Mawu oyamba

Mayi anga aang'ono ali ndi kagolosale m'mbali mwa kamsewu kafumbi kotsetsereka kuchokera ku msewu waukulu wa pa Mwanza boma. M'mwezi wa Marichi 2023, pomwe namondwe wa Freddy anawomba ndipo Mwanza linali limodzi mwa maboma omwe analengezedwa kuti agweredwa tsoka, madzi anasefukira m'ngalande nalowa m'golosalemo. Matumba a ufa ndi shuga anaonongeka. Tili mkati mokapa madziwo, mayiwo anandifunsa kuti, "Iwe wapita kusukulu, tandiuza, ngalande imeneyi mwini wake ndani?" Ine kukamwa kunangoti yasa. M'nkhani ino ndiyesa kuyankha funsoli poona mmene ntchito za misewu ndi ngalande zimasankhidwira, komwe ndalama zake zimachokera, ndiponso mmene mawu omwe timalankhula amathandizira kuti ngalande iziiwalika.

Mmene ntchito zimasankhidwira

Mu 1998 dziko la Malawi linakhazikitsa ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono. Potsata ndondomekoyi, chitukuko chimayenera kuyambira kumudzi. Anthu a kwa gulupu mmodzi amakambirana zosowa zawo kudzera m'komiti ya VDC. Mndandanda wawo umapita ku komiti ya ADC, yomwe imayang'anira dera lonse la mfumu yayikulu, monga kwa Kanduku kapena kwa Nthache. Kuchoka apo umafika ku khonsolo, komwe akatswiri amauphatikiza ndi ina n'kupanga pulani ya chitukuko ya boma lonse, ndipo makhansala amavomereza ntchito zolowa m'bajeti. Tisaiwale kuti kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino linalibe makhansala, choncho chizolowezi chofunsa khansala za msewu wa pakhomo sichinazike mizu kwenikweni.

Tsiku lina ndinaperekeza malume anga ku msonkhano wa VDC. Unali mwezi wa Ogasiti, fumbi lili koboo. Anthu anaika mjigo patsogolo, kenako chipinda chophunziriramo, kenako mlatho. Mayi wina atatchula ngalande, anthu anaseka, ndipo bambo wina anati, "Ngalande nayo n'chitukuko? Imeneyo si ya makasu basi?" Sindikuwada anthuwo. Munthu wotunga madzi pachitsime chosatetezeka sangaike ngalande patsogolo pa mjigo. Komanso m'chilimwe ngalande ndi dzenje louma lomwe silivutitsa munthu. Imakumbukika mu Januwale, mndandanda utapita kale.

Matumba a ndalama ndi eni ake

Thumba loyamba ndi la misewu ikuluikulu. Msewu wa M6, wochokera pa Zalewa kudzera pa Mwanza boma kukafika kuchipata cholowera ku Zobue m'dziko la Mozambique, uli m'manja mwa bungwe la Roads Authority. Ndalama zoukonzera zimachokera ku bungwe la Roads Fund Administration. Mabungwe awiriwa anakhazikitsidwa ndi malamulo a mu 2006. Ndalamazo zimatoleredwa kudzera mu msonkho wa pa lita iliyonse ya mafuta a galimoto, ndalama zomwe mathiraki akunja amalipira podutsa m'dziko muno, komanso zipata zolipiritsa galimoto, monga cha pa Chingeni chomwe chinatsegulidwa mu 2021 ndi cha pa Kalinyeke cha mu 2022. Ngalande za m'mbali mwa M6 zimawerengedwa ngati mbali ya msewuwo.

Thumba lachiwiri ndi ndalama zomwe khonsolo imatolera yokha: matikiti a mumsika, ziphaso za bizinesi ndi ndalama za padepoti. Mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe imadalira kwambiri msonkho wa nyumba ndi malo, ndipo khonsolo yake imayang'ana mzinda wokhawo. Mwanza boma ilibe khonsolo ya tawuni yakeyake. Ili pansi pa khonsolo ya boma lonse, lomwe pa kalembera wa 2018 linali ndi anthu oposa 130,000, ambiri mwa iwo okhala kumidzi. Choncho kamsewu ka pa boma kamapikisana ndi mlatho wa ku Thambani, womwe ukaduka mayi woyembekezera safika kuchipatala.

Thumba lachitatu ndi lochokera ku likulu kudzera ku komiti ya National Local Government Finance Committee. Muno mwakhala mukudutsa ndalama za District Development Fund komanso za pulojekiti ya GESD, yomwe World Bank inavomereza mu 2020 ndi ndalama zokwana madola 100 miliyoni, zogawidwa motengera mmene khonsolo yayendetsera bwino ntchito zake. Palinso thumba la CDF, loyendera madera a aphungu, lomwe linayamba mu 2006 ndipo mu 2024 linafika pa K200 miliyoni dera lililonse. Ndalama za matumba amenewa kawirikawiri zimapita ku zinthu zatsopano zomangidwa, ndipo zimagawidwa kuti dera lililonse lilaweko.

Pomaliza pali ntchito za mthandizi, zomwe zinatchuka ndi MASAF m'zaka za m'ma 1990. Anthu amalambula misewu ndi kukumba ngalande ndi makasu n'kulandira kangachepe. Ntchitoyi ndi yothandiza, koma ngalande yadothi pamalo otsetsereka imakokoloka n'kusanduka chigwembe. Pamafunika miyala, simenti ndi makalavati, zomwe khasu silingapereke.

Apa ndiye pagona vuto. Thumba lililonse lili ndi malire ake, koma madzi sadziwa malire. Dontho logwa padenga la sitolo limatsikira m'ngalande ya M6, kalavati n'kulilavulira m'kamsewu ka khonsolo, kenako n'kudutsa papuloti ya munthu lisanakafike kukhwawa. Paulendo umodzi ladutsa m'manja mwa eni atatu, ndipo pomwe manja a mmodzi athera n'kuyambira a wina ndi pomwe madzi amaswera. Msewu nawo suchedwa kufa. Madzi akaima m'mbali mwa tala amalowa pansi n'kufewetsa dothi, ndipo thiraki yolemera ikapondapo tala amasweka. Kuthira tala popanda ngalande kuli ngati kufolera nyumba yopanda maziko.

Mawu akuti chitukuko

Monga wophunzira chiyankhulo, ndikuona kuti mbali ina ya vutoli ili pakamwa pathu. Dzina lakuti chitukuko limachokera ku mneni kutukula, kutanthauza kukweza chinthu m'mwamba. N'chifukwa chake tikamva dzinali timaona khoma likukwera, malata akunyezimira, mlendo wolemekezeka akudula riboni. Ngalande sikwera, imatsika. Ikamagwira bwino ntchito palibe amaiona, ndipo sindinamvepo kuti amayi avina potsegulira ngalande.

Taonaninso mawu akuti boma. Amatanthauza olamulira dziko, amatanthauza dera lonse la Mwanza, amatanthauzanso katawuni komwe kuli maofesi. Tikati "ngalande ya boma" timaoneka ngati tatchula mwini wake, chikhalirecho sitinatchule aliyense. Chinthu chotere ndi chomwe timatayamo majumbo, mabotolo ndi makoko a manachesi osamva chisoni. Kalavati yomwe inatumiza madzi m'golosale ya mayi anga aang'ono titaitokosa tinapezamo mchenga, komanso zinyalala zathu zomwe.

Mathero

Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Amene akulira msewu alirenso ngalande yake. Ine ndikuona zinthu zitatu zotheka popanda kudikira thumba latsopano. Choyamba, popempha msewu ku VDC tizilemba msewu ndi ngalande ngati ntchito imodzi, ndipo kukumba kuziyambira kumunsi komwe madzi akathere. Chachiwiri, eni msewu waukulu ndi khonsolo aziyendera limodzi njira yonse ya madzi mvula ili mkati, osati m'chilimwe. Chachitatu, gawo lodziwika la ndalama za matikiti a mumsika lizipatulidwa kuti lichotsere mchenga ndi zinyalala m'ngalande mwezi wa Okutobala, ndipo gawolo lizimatidwa pabolodi kuti ogulitsa aziliona.

Nditabwerera kutchuthi ndinawafotokozera mayi anga aang'ono za matumba onsewa. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati, "Ndiye kuti eni ake alipo ambiri, koma wonyowa ndine ndekha." Chaka chino iwo ndi anzawo asanu ndi mmodzi a mumzere wa magolosalewo anapita ku msonkhano wa VDC. Ngalande inalembedwa pa nambala 4. Ndalama sizinabwere, koma Okutobala aliyense asanathe amatokosa kalavati ija, ndipo wotayamo jumbo amamudzudzula pomwepo.