Phunziro 14: Zinthu Zakale pa Msika

Mawu athu a lero ndi awa: msika, zakale, mtengo.

m-si-ka, za-ka-le, m-te-ngo

ka ke ki ko ku
la le li lo lu

Amayi ndi abambo, tsiku la msika kuno ku Mongue, kapena ku boma ku Milange, kapena tsidya lija la Muloza ku Limbuli, timapita ndi chimanga, nandolo, nyemba ndi nkhuku. Pobwera timatenga mchere, sopo ndi zovala za kaunjika. Koma kumapeto kwa msika, kumene kulibe mabenchi, kumakhala anthu oyala katundu pathumba pansi. Pathumbapo pali simbi ya makala, nyali ya galasi, loko wopanda kiyi, mbale zachitsulo zobenthuka, mwina mutu wa makina osokera. Lero tiimirire pathumba limeneli.

Chinthu chakale chili ndi mitengo iwiri. Mtengo woyamba ndi wa ntchito yake. Mtengo wachiwiri ndi wa ukale wake. Ife a kumudzi timadziwa woyambawo. Wachiwiriwo amaudziwa ndi anthu a m'mizinda, ndipo akabwera kudzagula satiuza.

Tiyambe ndi umene tiudziwa.

Mukafuna mtsuko kapena nkhali, gogodani ndi chala. Wabwino umalira bwino ngati kabelu. Wong'aluka umalira mogontha, ngakhale mng'aluwo atamata ndi phula kapena mwaye. Ngati madzi ali pafupi, thiranimo, mudikire pang'ono. Mtsuko ukamachita thukuta kunja musaope ayi. Thukutalo likamauma ndi mphepo, madzi a m'kati amazizira. Chigubu cha pulasitiki sichingachite zimenezi.

Simbi ya makala itseguleni, muone chotsekera chake, chija pa simbi zambiri chimaoneka ngati tambala. Chikakhala chogwedera, makala adzagwera pa malaya a mwana wa sukulu. Sisitani pansi pake ndi chikhatho, pakhale posalala. Mpando, chitseko kapena mtondo, utembenuzeni. Mukaona timabowo ndi ufa woyera ukugwa, mtengowo wafumbwa. Musalowe nawo m'nyumba, tizilomboto tingasamukire kudenga. Mlombwa wokhwima sufumbwa msanga, ndiponso chiswe sichiukonda. N'chifukwa chake mipando ya mlombwa ya agogo athu ikalipobe, pamene ya matabwa a paini yogula dzana yathyoka kale. Bokosi lachitsulo ndi bedi lachitsulo n'zolimba, koma utoto wakale kawirikawiri unkakhala ndi mtovu, umene ndi poizoni. Mwana asamatafune kapena kunyambita pamene utoto ukusupuka.

Zonsezi ambiri a inu mukuzidziwa kuposa ine mwana wanu. Tipite ku mtengo wachiwiri.

Akuluakulu adati tsobola wakale sawawa. Pa malonda awa mwambiwu sugwira. M'mizinda ikuluikulu muli anthu ogula simbi ya makala, osati kuti asitire, pakuti ali ndi ya magetsi, koma kuti aiike pa tebulo alendo aziyang'ana. Mtondo amadzalamo maluwa. Miyendo ya makina osokera amaikapo thabwa, n'kukhala tebulo. Nkhali yakuda ndi utsi amaiimika pakona m'chipinda chochezera. Chinthu chikakhala chakale, chosowa, ndiponso chopangidwa ndi manja, iwo amalipira zambiri. Ku London kuli msewu wotchedwa Portobello Road, kumene zakale zimagulitsidwa makamaka Loweruka. Ku Paris, m'dera la Saint-Ouen, kuli msika waukulu wa zakale umene unayamba zaka zoposa 100 zapitazo. Afalansa amautcha msika wa utitiri, poti kale ankati mipando ndi zovala za kumeneko zimabwera ndi utitiri wake. Ife amene tidagulapo bulangete la kaunjika sitingawatsutse.

Katundu wa m'misika yotere ndi wa m'masitolo a zakale amachokera kutali, wina m'midzi yonga yathuyi. Munthu amafika panjinga yamoto, nafunsa ngati pakhomo pali zitsulo zakutha. Amalipira ngati akugula dzimbiri. Akafika nazo mumzinda, dzimbiri lija lasanduka chuma.

Kuno kwathu zakale n'zosowa kwambiri, ndipo chifukwa chake mukuchidziwa. Makolo athu ankagwira ntchito m'minda ya tiyi ya ku Milange, ku Mulanje ndi ku Thyolo. Ena ankapita ku Salisbury, kumene lero ndi ku Harare, ena ku migodi ya ku Joni. Pobwera ankasenza bokosi lachitsulo, nyali, njinga, galamafoni, makina osokera. Kenaka kunabwera nkhondo. Mu 1986 anthu ambirimbiri a boma lino anathawira ku Malawi, atanyamula mwana kumsana ndi mphika pamutu. Zotsala zinapsa, zina zinabedwa, zina zinakwiriridwa pansi eni ake osabweranso. Mtendere unasainidwa ku Roma pa 4 Okutobala 1992, ndipo anthu anabwerera m'mabwinja. Tsono chinthu chimene chinali pakhomo panu nkhondo isanayambe, ndipo chilipo mpaka lero, chapulumuka zambiri. Musachiyese chinyalala.

Nanga mtengo wa ukale tingaudziwe bwanji? Apa ndi pamene kuwerenga kumatithandiza, pakuti zinthu zambiri zakale zinalembedwa, ndipo zimanena zokha zaka zake.

Tengani makina osokera. Pa mkono pake pali dzina. Likhoza kukhala Singer, kapena Butterfly ya ku China, kapena Usha ya ku India. Onsewa ndi akuda, a maluwa agolide, ndipo wosadziwa kuwerenga sangawasiyanitse. Pa makina a Singer, cha kudzanja lamanja pansi, pali nambala yodindidwa pachitsulo, kawirikawiri yoyamba ndi chilembo chimodzi kapena ziwiri. Nambala imeneyi ili ngati chiphaso chobadwira: pali mndandanda wosonyeza chaka cha nambala iliyonse, ndipo mwana wodziwa intaneti angakupezereni pafoni. Makina ambiri a Singer amene anafika kuno anapangidwa ku Clydebank m'dziko la Scotland. Fakitale imeneyo inatsekedwa mu 1980. Choncho makina ochokera kumeneko apitirira zaka 40, ngakhale akusokabe bwino.

Ndalama zakale nazonso zimalankhula. Metikali inayamba pa 16 Juni 1980. Isanabwere tinkagwiritsa ntchito esikudo. Ndalama zachitsulo za 10 ndi za 20 esikudo zolembedwa 1952, 1955 kapena 1960 zili ndi siliva m'kati mwake. Zimene zinatuluka m'ma 1970 zilibe siliva. Pamaso zifanana, koma chaka ndicho chimasiyanitsa. Ena muli ndi kobiri loboola pakati, la njovu ziwiri, limene makolo anabwera nalo ku Nyasaland pa nthawi ya chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, chimene chinatha mu 1963. Makobiri amenewa anapangidwa ambirimbiri, ndipo mtengo wake si waukulu. Munthu akakuuzani kuti kobiri loboola, kapena simbi yakale, lili ndi mankhwala olemeretsa, ndipo mupereke kaye ndalama kuti akupezereni wogula, ameneyo ndi wakuba. Musamupatse ngakhale metikali imodzi.

Chenjezo lilinso kwa wogula. Si chakuda chilichonse chimene chili chakale. Alipo osema mpando lero, mawa n'kuupaka polishi ya nsapato, n'kuupachika pautsi, kapena kuukwirira m'dothi milungu ingapo. Mpando wakale weniweni umatha pamene munthu amakhala ndi pamene dzanja limagwira. Pena ponse umakhala monga unasemedwera. Wonamizira umakhala wakuda paliponse mofanana, ndipo ukaupukuta ndi nsalu yonyowa, nsaluyo imada. Nunkhizaninso. Mphuno siinama.

Kugulitsa chinthu chako si mlandu. Chaka cha njala, makina osokera agula chimanga, ndipo palibe angakudzudzuleni. Koma musagulitse tsiku lomwelo limene wogula wafika. Muuzeni abwere mawa. Werengani zolembedwa pa chinthucho, muzikopere m'kope mwanu. Funsani mtengo kwa anthu awiri kapena atatu. Kambiranani ndi a pabanja, makamaka ngati chinthucho n'cha malemu, pakuti bokosi la agogo si la mdzukulu mmodzi. Wogula akakwiya ndi mawu oti mawa, dziwani kuti mtengo umene watchula ndi wochepa.

Zilipo zina zimene sizipita ku msika konse. Mbiya za kumanda, ziwiya zothirira nsembe pa kachisi, ng'oma ya mudzi, mpando ndi ndodo ya ufumu: izi si za munthu mmodzi, ndipo wozigulitsa wagulitsa za eni. Boma nalonso linaikapo lamulo. Ndi lamulo nambala 10/88, la pa 22 Disembala 1988, loteteza chuma cha chikhalidwe cha dziko la Mozambique. Zinthu zotetezedwa ndi lamuloli siziloledwa kutuluka m'dziko popanda chilolezo. Ife tili pamalire, ndipo njira zodutsa n'zambiri. Munthu akakupemphani kuti mumuolotsere katundu wotere, mlandu udzagwera inu wonyamula. Mukamalima n'kufukula mbiya, mikanda kapena zitsulo za anthu akale, musamwaze. Dziwitsani amfumu ndi akuluakulu a boma ku Mongue. Zinthu zotere zili ndi nyumba zake zosungira, monga ya ku Nampula yosunga zipangizo za mitundu ya anthu, ndi ya ku Maputo yosunga ndalama zakale, imene inatsegulidwa mu 1981. Za minyanga ya njovu musagule, musagulitse, musanyamule, ngakhale wina atanena kuti n'zakale.

Tiwerengere

Tiyerekeze kuti wogula wapereka mametikali 300 pa simbi yanu. Mumzinda waigulitsa 1,500. Ulendo wamudyera 400. Watsala ndi phindu la ndalama zingati?

Pa ndalama yachitsulo palembedwa 1960. Ndalamayi inali ndi zaka zingati pamene metikali inayamba?

Mu 2006 metikali inasinthidwa: 1,000 akale anasanduka 1 watsopano. Agogo anali ndi 50,000 akale. Anali angati atsopano?

Tilembe

Lembani m'kope mayina a zinthu zitatu zakale zimene zili pakhomo panu. Pa chilichonse lembani amene anabwera nacho ndi kumene anachitenga. Ngati pali zilembo kapena nambala, koperani monga zilili, mubwere nazo Lachinayi.

Tikambirane

Ndi zinthu ziti za m'mudzi mwathu zimene zinapulumuka pa nkhondo? Zili m'manja mwa yani tsopano?