Firiji ya katemera yopanda batire: imazizira bwanji dzuwa likalowa?

Mwezi watha ndinaperekeza achemwali anga kusikelo pachipatala chaching'ono cha kumudzi kwathu, komwe mawaya a magetsi sanafike. Mlangizi wa zaumoyo atatulutsa katemera mufiriji, kabotolo kake kanali kozizira bwinobwino. Padenga ndinali nditaonapo mapanelo a sola, ndiye ndinafunsa komwe amaika batire. Anangoseka. "Batire kulibe, achimwene. Batire yathu ndi madzi."

Poyamba ndinkaona ngati akundinamiza, koma ndi zoona, ndipo nkhani yake ndi fizikisi yomwe mumaphunzira m'kalasi.

Katemera wambiri amayenera kusungidwa pakati pa madigiri 2 ndi 8. Akatenthedwa amatha mphamvu, ndipo wa poliyo wodonthezera m'kamwa uja ndiye sachedwa n'komwe. Mwana akhoza kulandira katemera wotere, mayi ake n'kubwerera kunyumba mtima uli m'malo, chonsecho mwanayo sanatetezeke. Kumbukirani kuti mu February 2022 kunalengezedwa kuti mwana wina wa ku Lilongwe wapezeka ndi poliyo. Matendawa sanatheretu padziko.

Kale zipatala zakumidzi zinkadalira mafiriji a palafini, omwe amazima mafuta akatha. Kenako kunabwera a sola okhala ndi mabatire. Vuto lake, batire imafooka pakapita zaka zochepa, makamaka kotentha, ndipo yatsopano ndi yodula. Batire ikafa, firiji yonse imangokhala ngati kabati.

Firiji ndinaionayo imagwira ntchito mwanjira ina. Kuwala kukamenya panelo, kumakankha maelekitironi a mu silikoni, n'kuyamba kuyenda mu waya. Magetsiwo amapita molunjika kukayendetsa kompuresa. Masana onse kompuresayo imaziziritsa madzi osungidwa m'kati mwa firiji mpaka kuundana. Usiku imaima, ndipo ayezi uja ndi amene amayamwa kutentha kolowa kuchokera kunja.

Kodi ayezi angakwanitse usiku wonse? Tiyeni tiwerengere. Kuti galamu imodzi ya madzi itenthe ndi digiri imodzi, pamafunika majulu pafupifupi 4.2. Koma kuti galamu imodzi ya ayezi isungunuke, pamafunika majulu 334. Gawani 334 ndi 4.2, mupeza pafupifupi 80. Ndiye kuti kutentha kosungunula kilogalamu imodzi ya ayezi kukhoza kutenthetsa kilogalamu ya madzi kuchoka pa digiri 0 kufika pa 80. Ndipo nthawi yonse imene ayezi akusungunuka, amakhalabe pa digiri 0. N'chifukwa chake firiji yotere imatha kupirira ngakhale masiku angapo a mitambo.

Komabe ayeziyo sakhudzana ndi mabotolo. Katemera wina, monga wa kafumbata, amawonongeka akaundana, choncho pakati pamakhala chotchinga.

Mlangiziyo anandionetsanso kachizindikiro ka pabotolo: kabwalo kokhala ndi kabokosi koyera pakati. Botolo likamatenthedwa, kabokosiko kamada pang'onopang'ono. Kakafanana mtundu ndi kabwaloko, katemerayo sagwiritsidwanso ntchito.

Chimene chimagwetsa makina ngati amenewa nthawi zambiri ndi zinthu wamba. Fumbi la mu Okutobala likaphimba panelo, magetsi amachepa. Nthambi ya mango ikatchinga mbali imodzi yokha, panelo yonse imafooka, chifukwa maselo ake ndi olumikizana mondondozana. Ndipo popeza Malawi ali kumwera kwa ikweta, panelo iyenera kupendekera chakumpoto.

Nayi ntchito yanu. Tiyerekeze kuti kutentha kolowa mufiriji ndi majulu 10 pa sekondi iliyonse. Pangafunike makilogalamu angati a ayezi kuti firijiyo ipirire maola 14 opanda dzuwa? Mukapeza yankho, mukapita kuchipatala cha kwanu mukayang'ane padenga, muone ngati mapanelo ake ndi opukuta.