Anadziwa bwanji kuti fodya amayambitsa khansa?

Wophunzira wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, "Agogo anga asuta chingambwe mpaka kukalamba, osadwala. Ndiye mukamati fodya amapha, umboni wake uli pati?" Funsoli linandisangalatsa, chifukwa asayansi nawonso linawazunguza mutu.

Vuto lake ndi ili: sungatenge anthu n'kuwalamula kuti asute zaka 30 kuti uone amene ayambe kufa. Ndiye upanga bwanji?

Cha m'ma 1940, anthu omwalira ndi khansa ya m'mapapo ankachulukirachulukira ku Britain. Richard Doll ndi Austin Bradford Hill anayamba kufunsa odwala m'zipatala za ku London za moyo wawo. Doll ankakayikira phula la m'misewu ndi utsi wa galimoto. Koma mayankho analoza kwina: pafupifupi amuna onse odwala khansayi anali osuta. Zotsatirazi zinatuluka mu 1950, ndipo Doll, yemwe naye ankasuta, analeka.

Otsutsa sanagonje, ndipo ine ndimaona kuti anali ndi mfundo. Munthu akadwala amakumbukira zakale mosiyana ndi munthu wabwinobwino. Choncho mu 1951 awiriwa anatembenuza njira. M'malo moyambira pa odwala, anayambira pa anthu oti sanadwale khansayi. Analembera makalata madokotala a ku Britain kuwafunsa ngati amasuta komanso ndudu zingati pa tsiku. Oposa 40,000 anayankha. Kenako kunali kudikira basi, n'kumalemba amene wamwalira ndi chimene chamupha.

Bwanji madokotala? Mayina awo anali m'kaundula wa boma, ndiye ngakhale wina asamuke, sankasowa.

Pofika 1954 zinali zitayamba kuoneka: wosuta kwambiri, chiopsezo chake chinalinso chachikulu. Kafukufukuyu anapitirira zaka 50. Lipoti la mu 2004 linasonyeza kuti osuta ankafa msanga ndi zaka pafupifupi 10 poyerekeza ndi osasuta, ndipo pafupifupi theka la osuta osaleka anaphedwa ndi fodyayo. Agogo aja ali m'theka linalo. Alipodi anthu otere, kungoti anzawo amene ankasuta nawo sali pano kuti atiuze mbali yawo.

Chimene chimandigwira mtima ndi cha oleka. Amene analeka ali ndi zaka 30 anapulumutsa pafupifupi zaka 10 zonse zija. Oleka pa zaka 50 anapulumutsa 6, ndipo ngakhale a zaka 60 anapindulako zaka 3.

Malamulo anatsatira umboniwu, koma mwakachetechete komanso mochedwa. Britain inaletsa kutsatsa ndudu pa TV mu 1965. Pangano la WHO lochepetsa kusuta fodya linavomerezedwa mu 2003. Malawi, kumene fodya wa bale ndiye amabweretsa ndalama zambiri zakunja, analowa m'panganoli mu 2023, patatha zaka 73 chitulukireni lipoti loyamba la Doll ndi Hill.