Ntchafu Zolimba Popanda Kupita ku Jimu: Malangizo kwa Ongoyamba Kumene

Siketi kapena buluku limene linkakukwanani chaka chatha layamba kuthina m'ntchafu. Mukayenda kamtunda padzuwa, ntchafu zimakhulana mpaka kusupuka. Pokwera chitunda mawondo amawawa, mpweya n'kumaperewera. Ngati zimenezi zikukuchitikirani, mayi, bambo kapena wachinyamata, kapepala aka ndi kanu. Kakufotokoza masewera olimbitsa ntchafu amene mungachite pakhomo osalipira ndi tambala yomwe, komanso zimene masewerawo sangathe kuchita, pakuti pa nkhani imeneyi mabodza achuluka.

Choyamba mudziwe ichi

Palibe masewera amene amasungunula mafuta a m'ntchafu mokha. Ngakhale mutamanjuta ndi kudzuka ka 100 tsiku lililonse, thupi silitapa mafuta pamalo okhawo amene akugwira ntchito. Limatapa m'thupi monse, mafutawo n'kuyenda m'magazi kupita kumene akufunika. Zili ngati kutunga madzi mu dilamu: kaya mutunge chakumanja kaya chakumanzere, madzi amatsika ponseponse. Kuti malo oyamba kuphwa akhala ati ndipo otsiriza akhala ati, zimatengera kumtundu kwanu. Kwa amayi ambiri, ntchafu ndi m'chiuno ndiye zimachedwa, chifukwa kuyambira pamene mtsikana watha msinkhu, mahomoni achikazi amachititsa thupi kusunga mafuta kumeneko.

Nanga masewera a ntchafu phindu lake n'chiyani? Amalimbitsa minofu imene ili pansi pa mafutawo: yakutsogolo imene imawongola bondo, yakumbuyo imene imalipinda, yam'kati imene imabweretsa miyendo pamodzi, ndi ya m'matako. Minofu imeneyi ndi ina mwa ikuluikulu m'thupi lonse. Ikalimba, ntchafu zimaoneka zogwirana, mawondo amapeza chochirikiza, ndipo shuga wa m'magazi amagwiritsidwa ntchito bwino. Koma kuti mafuta achepe pamafunika zinthu zina ziwiri, kuyenda ndi kadyedwe. Tizifotokoza kutsogoloku.

Ntchafu zikuluzikulu si matenda

Tinene mosabisa: mayi wa ntchafu ndi mbina alibe chifukwa chodzidera nkhawa chifukwa cha zithunzi za pa Facebook kapena TikTok. Mafuta amene madokotala amawaopa kwambiri ndi a pamimba, amene amakuta chiwindi ndi matumbo, chifukwa ndi amene amayendera limodzi ndi matenda a shuga, kuthamanga kwa magazi ndi matenda a mtima. Mafuta a m'ntchafu saopsa chomwecho. Bambo wa miyendo yowonda koma wa mimba yotsogola akhoza kukhala pachiopsezo chachikulu kuposa akazi ake amene akudandaula ndi ntchafu.

Dziyezeni motere. Tengani chingwe, muchiyeze kuyambira pamutu mpaka pansi pa phazi, mudule pamenepo. Chipindeni pakati, kenako muchizunguze pamimba, pakati pa nthiti yomaliza ndi fupa la m'chiuno, mutatulutsa mpweya koma osabweza mimba. Ngati nsonga zake sizikukumana, mimba yanu yapitirira theka la msinkhu wanu, ndipo nthawi yochitapo kanthu yakwana. Amene ali ndi tepi ya telala adziwe kuti chiopsezo chimayamba kukwera mimba ikapitirira masentimita 80 kwa amayi ndi 94 kwa abambo. Muyezo umenewu si wa amayi oyembekezera.

Vutoli si la kunja kokha. Kafukufuku wa zaumoyo wa m'dziko la Malawi wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti pafupifupi mayi mmodzi mwa asanu alionse a zaka 15 mpaka 49 anali wonenepa kupitirira muyezo, ndipo m'matauni zinali zochuluka kuposa m'midzi.

Musanayambe

Kaonaneni kaye ndi achipatala ngati muli ndi BP yokwera imene sinatsike, matenda a mtima kapena a shuga, bondo lotupa, msana wovuta, kapena ngati ndinu oyembekezera. Mayi amene wangochira kumene adikire kaye sikelo ya masabata 6 n'kufunsa anamwino, ndipo wochira kudzera pa opaleshoni angafunike kudikira kupitirira apo.

Zofunika ndi zochepa: mpando wolimba wosagwedera, mkeka kapena mphasa, khoma, ndi sitepe ya pakhonde. Valani chovala chosathina. Tsiku lililonse lochita masewerawa, yambani mwatenthetsa thupi kwa mphindi 5, kuyendayenda pabwalo kapena kuguba pamalo amodzi mukukweza mawondo.

Masewera ake

*Kukhala ndi kudzuka pampando.* Awa ndiye mwini nkhani, ndipo mukawadziwa bwino, enawo savuta. Ikani mpando motsamira khoma kuti usatsetsereke. Imani patsogolo pake mutaufulatira, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, zala zitaloza kunja pang'ono. Tambasulani manja kutsogolo. Yambani ndi kubweza matako kumbuyo, ngati mukufunafuna mpandowo, kenako tsikani pang'onopang'ono mukuwerenga mpaka katatu. Matako akangokhudza mpando, musadziponye n'kupumula. Kanikizani pansi ndi zidendene, mudzuke. Chifuwa chikhale chowongoka, maso kutsogolo. Zolakwika zimene ongoyamba amachita ndi ziwiri. China ndi kulola mawondo kugwera m'kati ngati akufuna kugundana; akankhireni kunja kuti aziloza kumene zala zaloza. China ndi kunyamula zidendene n'kuimira zala, zimene zimaunjika katundu yense pa mawondo. Kokani mpweya potsika, tulutsani podzuka. Musamaugwire mpweya, makamaka inu a BP. Agogo amene akuvutika kudzuka aike pilo pampando kuti ukwere, kapena agwire tebulo. Pakatha masabata angapo, chotsani mpandowo, muzinjuta m'malere.

*Kukwera sitepe.* Pondani sitepe ya pakhonde ndi phazi lonse lamanja, kwerani mpaka mwendo utawongoka, kenako tsikani mosathamanga. Malizani mwendo umodzi musanasinthe. Sitepe isafike m'bondo. Yotsika ndiye yabwino poyamba. Musaunjike njerwa kuti mukwerepo, zimagubuduka.

*Kunyamula chiuno.* Gonani chagada pamkeka, mawondo atapindika, mapazi ali pansi pafupi ndi matako. Finyani matako, nyamulani chiuno mpaka mapewa, chiuno ndi mawondo zikhale pa mzere umodzi. Werengani kawiri, tsikani. Muyenera kumva kukoka kumbuyo kwa ntchafu ndi m'matako. Mukamva kuwawa kumsana, ndiye kuti mwakweza mopitirira. Masewera amenewa ndi abwino kwa amene mawondo amawavuta chifukwa salemetsa bondo. Mukafuna kuti minofu yam'kati mwa ntchafu igwire nawo ntchito, panani pilo pakati pa mawondo n'kumamufinya pamene mukukwera.

*Kukweza mwendo mutagona cham'mbali.* Tsamirani mkono, mwendo wapansi upindike pang'ono, wapamwamba uwongoke. Ukwezeni pang'onopang'ono, osautaya m'mwamba, ndipo chiuno chisagwere kumbuyo. Tembenukani, chitani mbali inayo.

*Kukhala pakhoma.* Tsamirani khoma ndi msana, mapazi muwasunthire kutsogolo, tsetserekani pang'ono ngati mukukhala pampando wosaoneka. Yambani ndi masekondi 10 kapena 15. Ntchafu zimanjenjemera ndi kutentha, zimenezo n'zabwinobwino. Apanso, muzipuma monga mwa nthawi zonse.

Pali enanso otchuka, oponya phazi limodzi kutsogolo n'kutsitsa bondo lakumbuyo mpaka pafupi ndi pansi. Ndi abwino, koma asiyeni kaye mpaka mwezi utatha, miyendo itazolowera, ndipo poyamba muzigwira khoma.

Kangati?

Chitani masewera alionse ka 8 mpaka 12, kupatula okhala pakhoma amene mumawerenga masekondi. Masabata awiri oyamba, ulendo umodzi ndi wokwanira. Kenako bwerezani maulendo awiri, pambuyo pake atatu, mukupumira mphindi imodzi pakati. Chitani masiku awiri kapena atatu pa sabata, mwachitsanzo Lolemba, Lachitatu ndi Loweruka, osati masiku otsatizana, chifukwa minofu imakula pa tsiku lopuma. Zonse pamodzi sizitenga nthawi yaitali, mumamaliza nyemba zili pamoto zisanayambe n'komwe kufewa.

Zikayamba kupepuka, onjezerani katundu. Lita imodzi ya madzi imalemera kilogalamu imodzi, choncho kachigubu ka malita 5 kodzaza, mutakakumbatira pachifuwa, kakukwanirani ponjuta ndi pokwera sitepe.

Tsiku lotsatira kapena mkuja wake ntchafu zidzawawa, mwinanso kukhala pachimbudzi kudzakhala ntchito. Apa ndi pamene ambiri amasiyira. Kuwawa kotere kumatha pakapita masiku awiri kapena atatu, ndipo kuyendayenda pang'ono kumathandiza kuposa kungogona. Kuwawa kobaya m'kati mwa bondo, kapena bondo kutupa, ndi nkhani ina: lekani masewera amene akuyambitsawo.

Kuyenda

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO, m'malangizo ake a 2020, limati munthu wamkulu azichita masewera kapena ntchito yotenthetsa thupi kwa mphindi 150 mpaka 300 pa sabata, kuwonjezera pa masiku awiri olimbitsa minofu. Mphindi 30 pa tsiku kwa masiku asanu zakwana 150. Liwiro loyenera ndi loti mukutha kulankhula ndi mnzanu koma simungathe kuimba nyimbo. Ngati 30 zachuluka, yambani ndi 10 m'mawa, 10 madzulo.

Amene amalima, kusinja, kutunga madzi kumjigo wakutali kapena kupalasa njinga amakhala atakwanitsa kale zambiri mwa mphindi zimenezi. Nkhawa ili pa amene timatandala pansi: mu ofesi, pa okala, pa makina osokera, pa benchi ya malonda, kenako kabaza mpaka pakhomo ngakhale mtunda uli wa mphindi 15. Tsikani minibasi siteji imodzi musanafike. Lowani m'timu ya mpira wa manja ya kutchalitchi kapena kumzikiti. Chimtali ndi chioda nazo ndi masewera. Amene anavinapo mpaka thukuta kamukamu akudziwa mmene ntchafu zimamvera.

Ntchafu zikamakhulana poyenda, pakani Vaseline pang'ono kapena valani kabudula wothina wam'kati wofika pamwamba pa mawondo.

Za m'mbale

Musasiye nsima, ndipo musadzikhalitse ndi njala. Chepetsani mtanda umodzi, malo akewo mudzazepo ndiwo zamasamba: bonongwe, nkhwani, chisoso, mpiru, kholowa. Minofu imafuna nyemba, nandolo, soya, usipa, mazira kapena nyama pang'ono. Mgaiwa umakhalitsa m'mimba kuposa ufa woyera.

Koma chimene chimanenepetsa ambiri mwakachetechete ndi zakumwa ndi zokazinga. WHO imati ndi bwino kuti shuga wothira asapitirire pafupifupi masupuni ang'onoang'ono 6 pa tsiku. Botolo limodzi la zakumwa zambiri zoziziritsa kukhosi lapitirira kale pamenepo, osawerengera masupuni atatu a mu tiyi wam'mawa. Onjezanipo mandasi, chipisi cha pachiwaya ndi mowa wa Loweruka. Chotsani supuni imodzi mu tiyi sabata ino, ina sabata yamawa; lilime limazolowera.

Musataye ndalama

Tiyi wochepetsa thupi amene amatsatsidwa pa WhatsApp nthawi zambiri amangotsegula m'mimba kapena kukodzetsa. Chimene chimatuluka ndi madzi, ndipo amabwerera mukangomwa. Kukulunga ntchafu m'mapepala apulasitiki, malamba otenthetsa ndi mafuta opaka n'chimodzimodzi: thukuta si mafuta. Mapiritsi osadziwika kumene achokera akhoza kuwononga chiwindi ndi impso.

Mphamvu mudzaimva msanga, mwina mwezi usanathe, pokwera chitunda kapena podzuka pamphasa. Maonekedwe amachedwa, amafuna miyezi iwiri kapena itatu. Kutsika theka la kilogalamu mpaka kilogalamu imodzi pa sabata ndi kokwanira. Sikelo ikapanda kusuntha koma chitenje chikumangika mopitirira pamene chinkathera, zinthu zikuyenda.

Pitani kuchipatala ngati

- mukumva kuwawa pachifuwa, chizungulire kapena kubanika pochita masewera; lekani pomwepo;
- mwendo umodzi watupa, ukutentha ndi kuwawa, makamaka mutangochira, mutachitidwa opaleshoni kapena mutayenda ulendo wautali pabasi. Mwina magazi aundana mumtsempha. Musausisite, pitani tsiku lomwelo;
- miyendo yonse iwiri yatupa moti mukadina ndi chala pamatsala kadzenje;
- mukuwonda musanasinthe kalikonse, makamaka ngati mukutsokomola, kutuluka thukuta usiku, kapena kumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi.

Anthu ena amanenepa atayamba ma ARV amakono, ndipo amayi ena atayamba jakisoni wakulera. Zikatero, musasiye mankhwala panokha. Fotokozerani adokotala kapena anamwino pa tsiku lanu lokalandira mankhwala, akuthandizani.

Sabata ino, pezani chingwe chija muyezane nonse akuluakulu a pakhomo, abambo asathawe. Amene chingwe sichinakumane apite kuchipatala chapafupi akayezetse BP ndi shuga, ndipo mafunso ena onse mukawafunse alangizi a zaumoyo a m'dera lanu.