Kusankha habu ya magiya amkati pa njinga yamagetsi

Njinga ya ku Mongue simayenda yopanda katundu. Pakaliyala pamakhala matumba awiri, mwina atatu, a chimanga kapena nandolo, ulendo wa ku Milange, ena mpaka kukaoloka pachipata cha Muloza. Ngati mwaganiza zoika mota ndi batire panjinga yotereyi, habu ya magiya amkati ndi yosiririka ndithu. Magiya onse amabisala m'kati mwa habu yakumbuyo, kotero matope a dzinja ndi fumbi la chilimwe siziwafika, palibenso kachitsulo kolendewera koti kapindidwe ndi chitsa. Mutha kusintha giya mutaima pakati pa chitunda. Koma timano tam'katimo ndi tating'ono, ndipo mota yamphamvu imatha kutiswa tsiku limodzi.

Yambani ndi funso ili: mota ikhala pati? Ikakhala m'gudumu lakumbuyo, nkhani yatha, chifukwa malo a habu yatenga ndi motayo. Ikakhala m'gudumu lakutsogolo, habu imangomva mphamvu ya miyendo yanu, ndiye ngakhale Sturmey-Archer ya magiya atatu, yomwe mtundu wake wa AW unayamba kupangidwa mu 1936, ikwanira. Vuto lake n'lakuti katundu akalemera kumbuyo, gudumu lakutsogolo limaterereka pokwera pamatope. Mota yapakati, yomangidwa pamapedulo, ndi imene imakoka bwino pachitunda, koma mphamvu yake yonse imadutsa m'tcheni n'kukathera m'habu.

Apa m'pofunika kuwerenga mano. Mphamvu yopotokola amaiyeza mu Nm. Opanga mota yapakati ya Bafang BBSHD amati imafika 160 Nm, pamene Bosch Performance Line CX inadziwika ndi 85 Nm. Yofika kuhabu imadalira mano a giya lakutsogolo ndi a kagiya kakumbuyo. Kutsogolo kukakhala mano 46, kumbuyo 23, habu ilandira theka, 80 Nm kuchokera ku Bafang ija. Mukaika kagiya ka mano 18, itsika kufika pafupifupi 63 Nm. Onjezanipo ya miyendo yanu mukaimirira pamapedulo. Ambiri amakulitsa kagiya kakumbuyo kuti njinga izikwera mosavuta, osadziwa kuti akuwonjezera katundu pa timano tam'kati tija.

Imodzi mwa mahabu olimba kwambiri ndi Rohloff Speedhub ya ku Germany: magiya 14, yololedwa kulandira 130 Nm, mafuta ake kusintha pa makilomita 5,000 kapena kamodzi pachaka. Mtengo wake mungagulire njinga zakapalasa zingapo zatsopano, ndipo ikavuta, wokonza njinga wa pansi pa mtengo wamango sangaitsegule. Shimano Nexus Inter-5E ili ndi magiya asanu okha, koma anaipangira njinga zamagetsi, ndipo ndi imene ndingaloze kwa munthu wa mota yapakati. Nexus 8 ndi Alfine anazipanga poganizira miyendo ya munthu. Pamota yofatsa zimapirira, pa Bafang yaikulu ndi matumba atatu musaziyese. Magiya ochepa si chilema mukakhala ndi mota, popeza motayo imakwirira mpata wa pakati pa giya ndi linzake.

Musanapereke meticais kapena makwacha anu kwa wogulitsa ku Mocuba kapena ku Limbe, gwadani pafupi ndi gudumu lanu. Werengani mabowo a masipoko palimu: njinga zambiri zachikale zimakhala ndi 40 kumbuyo, pomwe mahabu awa nthawi zambiri amabwera ndi 32 kapena 36. Zikasiyana, mugulanso limu. Yezani mpata wa felemu pomwe pamalowa gudumu. Habu ya magiya ambiri imafuna pafupifupi mamilimita 135, ndipo felemu ya njinga ya giya limodzi ndi yopapatiza kuposa pamenepo. Onetsetsani kuti m'bokosi muli mawashala okhala ndi kadzino kolowa mumpata wa felemu. Amenewa ndi amene amaletsa chitsulo chapakati kuzungulira. Akasowa, chimatafuna felemu n'kuitsegula kukamwa ngati mphasa yong'ambika. Funsaninso ngati waya wa magiya ndi kagiya kapadera zikupezeka, mugulirepo limodzi.

Pokwera, lamulo ndi limodzi: lekani kaye kupalasa ndi kupatsa moto, sinthani giya, kenaka pitirizani. Kusintha mota ikukoka ndiko kumapha mahabu ambiri. Pali kachida komangidwa pawaya wa magiya kamene kamadula mota pakanthawi kosinthako, ndipo pa Bafang n'koyenera kukhala nako. Poyamba ulendo ndi katundu, nyamukani pagiya lopepuka. Waya akafutukuka habu imayamba kulumpha ndi kulira kuti "kwa!", pa Nexus 8 ikani giya lachinayi, muwone timizere tiwiri tachikasu pahabupo, mupotokole kolimbitsira waya mpaka tiyang'anizane. Mukafika pamtsinje wosefukira, tsitsani katundu, njingayo muinyamule, chifukwa madzi akalowa m'habu dzimbiri silichedwa.

Ngati ntchito yanu ndi matumba atatu tsiku ndi tsiku pa mota ya 160 Nm, ndipo ya Rohloff mulibe, isiyeni habu ya magiya amkati. Ikani giya limodzi ndi tcheni chochindikala, ndalama yotsalayo mugulire mabuleki abwino.