Malamulo a Zomangamanga: Phunziro Loteteza Chitukuko cha Chiradzulu

Mdadada wa sukulu ukang'aluka chaka chisanathe, kapena mlatho ukasiyidwa usanamalizidwe, anthu amathamangira kuloza chala simenti, mchenga kapena mvula. Nthawi zina chifukwa chimakhaladi chimenecho. Koma kawirikawiri vuto limayambira pa pepala lomwe mwini ntchito ndi kontirakitala amasainirana maziko asanakumbidwe. Pepalalo ndi kontirakiti, ndipo maphunziro omwe amazama pa zolembedwamo amatchedwa malamulo a zomangamanga.

Nkhaniyi ikukhudza Chiradzulu mwachindunji. Namondwe wa Freddy, yemwe anagwa mu Malichi 2023, anakokolola milatho, misewu ndi nyumba, ndipo matope ochokera m'phiri anakwirira mudzi wa Ntauchira kwa Mfumu Yaikulu Likoswe. Kumanganso zowonongekazo, pamodzi ndi zitukuko za thumba la CDF, la DDF ndi ndondomeko ya GESD yomwe imathandizidwa ndi World Bank, kumadzera m'makontirakiti. Kontirakiti ikalembedwa mofooka, amene amavutika ndi mwana wophunzirira pansi pa mtengo komanso mayi woyembekezera wowoloka mtsinje wodzaza.

Malamulo atatu oyambira

Lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998 linapatsa makhonsolo mphamvu zokonza ndi kuyendetsa chitukuko m'madera awo. Lamulo la 1996 linakhazikitsa bungwe la NCIC, ndipo kuchokera pamenepo kontirakitala amayenera kulembetsa ndi kuikidwa m'gulu logwirizana ndi kukula kwa ntchito yomwe angaikwanitse. Lamulo la 2017 linakhazikitsa bungwe la PPDA, lomwe limaonetsetsa kuti ntchito za boma zikuperekedwa mwa mpikisano ndiponso poyera. Motero ntchito ya khonsolo siperekedwa chifukwa cha chibale kapena kalata ya munthu wamkulu.

Mfundo zisanu za mu kontirakiti

Yoyamba ndi BOQ. Uwu ndi mndandanda wa ntchito yonse ndi mitengo yake: kuya kwa maziko, kuchuluka kwa konkire, kukhuthala kwa malata, chiwerengero cha zitseko. Kontirakitala amalipidwa potengera ntchito yomwe injiniya wayeza ndi kuvomereza, osati yomwe walonjeza.

Yachiwiri ndi chikole. Kontirakitala akalandira ndalama zoyambira ntchito, amayenera kupereka chikalata cha banki kapena kampani ya inshulansi. Akathawa, mwini ntchito amakatenga ndalamazo kumeneko. Chikalatachi chimakhala ndi tsiku lothera, ndipo likadutsa popanda kuchiwonjezera masiku, chimasanduka pepala wamba.

Yachitatu ndi ndalama zosungidwa. Pa malipiro aliwonse, mwini ntchito amatsalako ndi gawo lina, kawirikawiri K5 kapena K10 pa K100 iliyonse. Mwachitsanzo, pa ntchito ya K60 miliyoni, K5 pa K100 ndi K3 miliyoni. Nyumba ikaperekedwa, pamakhala nthawi yoiyang'anira, yomwe nthawi zambiri imakhala miyezi 6 kapena 12. Denga likadontha kapena khoma likang'aluka m'miyezi imeneyi chifukwa cha mamangidwe, kontirakitala amakonza ndi ndalama zake, apo ayi zosungidwa zija zimalipira mmisiri wina.

Yachinayi ndi chindapusa cha kuchedwa. Kontirakiti imatchula tsiku lomaliza ntchito ndi ndalama zomwe zidzadulidwe pa tsiku lililonse lopitirira. Komatu lamuloli limaluma mbali zonse. Mwini ntchito akachedwa kupereka malo kapena kulipira, kontirakitala amakhala ndi ufulu wopempha masiku owonjezera, mwinanso chiwongoladzanja.

Yachisanu ndi kusintha pulani. Mtsogoleri wa m'dera akauza amisiri pakamwa kuti awonjezere khonde kapena asunthe chimbudzi, amatsegula khomo la mkangano. Kusintha kulikonse kumayenera kulembedwa ndi yemwe kontirakiti inamupatsa mphamvu, ndipo mtengo wake udziwike ntchitoyo isanachitike.

Zomwe amaphunzira pa digiri yachiwiri

Mikangano ya zomangamanga imafuna munthu wodziwa mbali ziwiri. Loya akhoza kudziwa lamulo koma osamvetsa chomwe chagwetsa khoma, pomwe injiniya akhoza kuona chagwetsa khoma koma osadziwa woyenera kulipira. N'chifukwa chake mu 1987 yunivesite ya King's College London inatsegula likulu la maphunziro a malamulo a zomangamanga, motsogozedwa ndi John Uff, yemwe ndi injiniya komanso loya. Kumeneko maloya amayamba aphunzira za mamangidwe, ndipo mainjiniya, ojambula mapulani ndi owerengera mitengo ya ntchito amayamba aphunzira malamulo.

Ophunzira amasanthula makontirakiti a bungwe la mainjiniya la FIDIC, lomwe linakhazikitsidwa mu 1913, omwe amagwiritsidwa ntchito kwambiri pa misewu ndi milatho yothandizidwa ndi mabanki a chitukuko. Amaphunziranso kuthetsa mikangano kunja kwa khoti. Ku Britain, lamulo la 1996 limalola mkhalapakati kupereka chigamulo m'masiku 28 ntchito ili mkati. Nalo dziko la Malawi linalowa mu 2021 m'pangano la ku New York la 1958, lomwe limachititsa kuti zigamulo za amkhalapakati zizilemekezedwa m'maiko ena.

Kwa wachinyamata wa ku Namitambo, Thumbwe kapena Mbulumbuzi, ulendowu umayamba ndi digiri yoyamba: uinjiniya kapena kuwerengera mitengo ya zomangamanga ku MUBAS mumzinda wa Blantyre, kapena malamulo ku University of Malawi ku Zomba ngakhalenso ku Catholic University ku Nguludi, m'boma lomwe lino. Kenaka ndi bwino kugwirako ntchito pamalo omanga. Thandizo la maphunziro la Chevening, lochokera ku boma la Britain, limafuna munthu yemwe wagwira ntchito zaka zosachepera 2, ndipo amayenera kubwerera kwawo akamaliza. Wobwerera ndi luso limeneli amateteza ndalama za anthu kontirakiti isanasainidwe.

Udindo wa anthu a m'wodi

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Komiti yoyang'anira ntchito, ya VDC ndi ya ADC sizifunika digiri kuti zifunse dzina la kontirakitala, mtengo wa ntchito, tsiku lomaliza ndi tsiku lomwe miyezi yoyang'anira idzathere. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga, lomwe linayamba kugwira ntchito mu 2020, limalola nzika kupempha zimenezi ku maofesi a boma.

Komiti ikaona mng'alu kapena malata opyapyala, ilembe tsiku, ijambule chithunzi ndi kupereka lipoti lolembedwa kwa khansala komanso ku ofesi ya zomangamanga ya khonsolo. Dandaulo lofika miyezi yoyang'anira isanathe limakonzedwa ndi kontirakitala. Lofika mochedwa limadya ndalama zomwe zikanakumba mjigo m'mudzi wina.

Pa msonkhano wotsatira wa VDC, mamembala akambirane mafunso awa. Kodi ndi zitukuko ziti m'wodi zomwe zikadali m'miyezi yoyang'anira? Ndani mukomiti amasunga BOQ ya ntchito iliyonse? Nanga zolakwika zomwe zaoneka kale zinalembedwa ndi kutumizidwa ku khonsolo?