Malamulo Asanu a Masewera Athu a Nkhondo ya Chiwaya

Teremu yathayi ife a kalabu ya mbiri yakale tinapanga masewera athuathu a nkhondo yoyamba ya dziko lonse (1914-1918), imene makolo athu ankaitcha Nkhondo ya Chiwaya. Tinajambula mapu pa katoni: Zomba, Karonga, Nyanja ya Malawi, mtsinje wa Ruvuma ndi dziko la Ajeremani limene lero ndi Tanzania. Zitsekerero za mabotolo zinali asilikali, ndipo dayisi tinasema tokha. Loweruka masana, chifunga cha kuno ku Dedza chikatikaniza kupita ku mpira, tinkazungulira katoniyo mpaka belu.

Pa holide ndinawafotokozera agogo anga aakazi za masewerawa. Anandifunsa kuti: "Nanga amtengatenga mwawaika pati, mdzukulu wanga?" Ndinasowa choyankha. Agogo awo a iwowo anatengedwa m'mudzi kukasenza katundu wa nkhondoyi ndipo sanabwerenso. Pa katoni yathu panalibe malo awo. Asilikali athu ankayenda osadya, osadwala, ngati nkhomo za bawo. Titatsegulira sukulu tinakhala pansi, tinawerenga, ndipo tinagwirizana malamulo asanu awa.

1. Msilikali sayenda yekha. M'dziko muno munachoka asilikali pafupifupi 19,000, koma amtengatenga anali pafupifupi 200,000. Misewu ya galimoto inali yosowa, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe. Choncho ufa, zipolopolo ndi mankhwala zinkayenda pamutu, munthu mmodzi makilogalamu pafupifupi 25. M'masewera athu chitsekerero chilichonse chiyenera kukhala ndi timiyala titatu, amene ndi amtengatenga, ndipo nyemba ndiye chakudya. Ulendo uliwonse wosewera, msilikali amadya nyemba imodzi, kamwala nakonso imodzi. Taganizani: ngati munthu adya kilogalamu imodzi pa tsiku, pakatha masiku 25 ndiye kuti wadya katundu wake yense. Gulu likapita kutali ndi kwawo, njala imaligonjetsa lisanaone mdani.

2. Mwini nyanja ndiye mwini njira. Pa 13 August 1914 sitima ya Angerezi yotchedwa Guendolen, yoyendetsedwa ndi Kaputeni Rhoades, inawombera ndi kulemaza sitima ya Ajeremani, Hermann von Wissmann, pa doko la Sphinxhafen, lero Liuli. Kuyambira pamenepo nyanja inali m'manja mwa Angerezi. Nchifukwa chake amene akusewera mbali ya Angerezi amaloledwa kusamutsa nyemba kuchokera ku Fort Johnston, lero Mangochi, kufika ku Karonga ulendo umodzi wokha. Mnzakeyo amayenda wapansi.

3. Mdani saoneka. Poyamba aliyense ankaona magulu onse a mnzake, chinthu chimene mtsogoleri wa nkhondo sanakhale nacho. Mu September 1914 gulu la Angerezi linanyamuka ku Karonga kulowera kumpoto pamene Ajeremani ankatsikira kum'mwera, ndipo anaphonyana m'tchire osadziwana. Pa 9 September Ajeremani anaukira Karonga, kumene kunatsala anthu ochepa. Anzawo aja anachita kubwerera mothamanga kudzawapulumutsa. Tsono ife timavundikira zitsekerero, zina mkati mulibe kanthu, ndipo aliyense amalemba pa kapepala kumene gulu lake lipite. Woweruza ndiye amawerenga timapepalato nthawi imodzi.

4. Dzinja, matenda ndi midzi. Pa nkhondo ya kuno kum'mawa kwa Africa, malungo, kamwazi ndi njala zinapha anthu ambiri kuposa zipolopolo, ndipo kumapeto kwa 1918 kunabweranso chimfine choopsa chija. Ife timawerenga ulendo uliwonse ngati mwezi. Kuyambira December mpaka March gulu limayenda theka la mtunda, ndipo dayisi ikagwa pa 1 kapena 2, kamwala kamodzi kamachotsedwa. Wofuna timiyala tina amakatenga m'midzi ya pa mapu, koma mudzi umene watengedwa amuna ake umapereka theka la nyemba chaka chotsatira, pakuti wolima wapita. Ukabwereza kutenga pamudzi womwewo, anthu amathawira kumapiri. Kudandaula kwa anthu nako tinakupatsa malo: John Chilembwe anatsutsa zotengera Afirika ku nkhondo yosawakhudza, ndipo pa 23 January 1915 anaukira boma. Mwezi umenewo wa mbali ya Angerezi sasuntha gulu lililonse.

5. Kupambana nkutani? Mtsogoleri wa Ajeremani, Paul von Lettow-Vorbeck, ankadziwa kuti sangagonjetse Angerezi. Cholinga chake chinali kuwatangwanitsa kuno kuti asatumize asilikali ku Ulaya. Mu November 1917 anawoloka Ruvuma kulowa m'Mozambique, chaka chotsatira analowa m'dziko limene lero ndi Zambia, ndipo anatula zida ku Abercorn, lero Mbala, pa 25 November 1918, patatha masabata awiri nkhondo itatha ku Ulaya. Choncho wa mbali ya Ajeremani amapambana akafika November 1918 asanagwidwe. Koma tinaonjezapo chathu: timiyala tochotsedwa sitibwerera m'thumba. Timaikidwa m'mbale, ndipo pomaliza woweruza amatiwerenga mokweza asanatchule wopambana.

Anzanga ena anadandaula kuti masewera tsopano akuchedwa, ndipo nzoona. Kale tinkatha belu lisanalire. Lero amatenga Loweruka awiri. Mnzanga wina wa Fomu 3, katswiri wa drafuti, anathamangitsa mdani mpaka kuwoloka Ruvuma mkati mwa dzinja. Sanataye msilikali ndi mmodzi yemwe pankhondo, koma m'mbale yake munapezeka timiyala 17. Woweruza atatha kuwerenga, palibe amene anaomba m'manja.

Amene mukufuna kuyesa, bwerani Loweruka ku kalasi ya Fomu 4 ndi timiyala tanu. Nyemba tili nazo. Ndipo pa holide mukafunse agogo kwanu ngati m'banja mwanu munali mtengatenga. Mukalembe dzina lake ndi mudzi wake. Kuseri kwa katoni yathu tayamba kale mndandanda, ndipo dzina loyamba ndi la kwathu.